Sabata Imene Akuba Anatseka Ukwati wa Esinati

Lolemba

Chiperoni chafika. Phiri la Mulanje silikuoneka, zala sizikugwira. Ndatsegula situdiyo ndekha, chifukwa bambo a Tadala amati wojambula zithunzi sadzuka dzuwa lisanadzuke. Lero dzuwa silidzuka.

Foni yochokera kwa Gifiti, msuweni wanga wokonza makompyuta ku Limbe. Akuti shopu ina yosindikiza mapepala pafupi ndi iyeyo yaona zakuda. Akuba alowa mu kompyuta kudzera pa intaneti. Chitseko sanathyole, kanthu sanatenge. Angotseka mafayilo onse n'kusiya uthenga: lipirani, tikutsegulireni. Mwini shopu mafayilo ake akuwaona, koma palibe limene likutseguka. Ngati munthu wakukhomera nyumba yako yomwe, n'kuima pabwalo kumakugulitsa kiyi.

“Inu akumudzi musamadzione ngati muli kutali,” akutero Gifiti. “Anthu amenewa sayang'ana mapu.”

Akumudzi! Boma lonseli, khoti, chipatala, maminibasi. Ndamusiya.

Koma ndaiyang'anitsitsa kompyuta yathu. M'menemo muli zaka khumi ndi chimodzi za anthu a kuno: maukwati, zinkhoswe, ana obatizidwa, nkhope zolimba za pa ziphaso. Choposa zonse, muli ukwati wa Esinati, mwana wa Mayi Namacha a ku Thuchila, umene tajambula Loweruka lapitali. Alubamu akuifuna Loweruka likubwerali, chifukwa Lamulungu Esinati ndi mwamuna wake akusamukira ku Mzuzu. Mayi Namacha ndi wapampando wa amayi kutchalitchi kwawo. Ukwati uliwonse wa ku Thuchila umadutsa pakamwa pawo: wophika ndani, woimba ndani, wojambula ndani. Akangoti situdiyo yakuti ndi yachabe, gulitsani kamera mukagule mbuzi.

Ndiye ndalengeza Sabata ya Chitetezo. Malamulo ndalemba pa katoni, ndakhoma pamwamba pa kompyuta:

1. Pasiwedi isinthe. “Tadala” si pasiwedi, ndi dzina la mwana, ndipo lalembedwa pa chikwangwani panja ndi penti yofiira.
2. Flashi ya munthu aliyense isalowe mu kompyuta muno.
3. Uthenga wa munthu wosamudziwa usatsegulidwe, makamaka ukabwera ndi fayilo.
4. Zithunzi zonse tizikopere pa diski yapadera. Diskiyo tiizule, ikhale payokha.

Bambo a Tadala afika cha m'ma teni koloko. Awerenga manja ali kumbuyo. “Amenewa ndi malamulo a kuntchito kapena a kunyumba?” Ndati onse awiri.

Madzulo abwera ndi thandizo lawo: loko wamkulu ngati papaya. Amukoleka pa chitseko, amugwedeza. “Abwere tione.”

Lachiwiri

Pasiwedi yatsopano ndaikonza bwino: muli nanazi, muli nambala, muli Chambe, nsonga ya phiri lathu, muli ka chizindikiro kumapeto. Ndaletsa kuilemba paliponse. Bambo a Tadala akuiloweza pa khonde ngati mwana wa Sitandade 2, akuyenda uku ndi uku.

Masana. Ndawoloka msewu kukagula tomato. Ndili pakati potsitsa mtengo, ndikumva mawu kuchokera kutsidya:

“Mayi a Tada! Ija yatsopano ija! Pambuyo pa nanazi pamabwera seveni kapena naini?”

Siteji yonse yatembenuka. Kondakitala wa minibasi ya ku Blantyre watulutsa mutu pa windo: “Seveni, bwana! Kenako Chambe!”

Wakhoza.

Odziwa pasiwedi yathu pofika thu koloko:
kondakitala uja,
Mayi Asiyatu, telala wa khomo loyandikana nafe,
wogulitsa tchipisi,
amayi onse a tomato.
Osaidziwa bwinobwino: bambo a Tadala.

Ndasintha ina. Iyi ndawalembera pa kapepala, ndaika m'chikwama mwawo kuseri kwa chiphaso. Si mmene Gifiti ananenera, koma kapepala sikafuula.

Cha m'ma folo, kwabwera a Mulipa, ankhoswe a kuchimuna pa ukwati wa Esinati. Jekete, tayi, chipewa m'manja. Moni wa mphindi khumi: kunyumba, ana, mvula, bondo. Kenako atulutsa flashi yomangirira ku makiyi ndi ulusi waubweya, akufuna zithunzi zinayi zimene akuoneka akulankhula. Ndikukonza mawu okanira mwaulemu, ndikuona bambo a Tadala ailandira kale ndi manja awiri. Ankhoswe ungawakanize bwanji? Ukawakaniza lero, mwana wako akadzakula adzakuimira ndani?

Flashi yalowa. Mwatuluka nyimbo za kwaya zokhazokha. Ndiye yakana kulandira zithunzi, yadzaza. A Mulipa akuti palibe nyimbo imene ingachotsedwe. Apita chimanjamanja, koma okondwa.

Lamulo lachiwiri lakhala ndi moyo tsiku limodzi ndi theka. Liuse mumtendere.

Lachitatu

Tsiku labwino!

Diski yafika kuchokera ku Limbe, Gifiti waipatsira dalaivala. Kanthu kakuda, kakang'ono ngati sopo wochapira. Ndiye zaka khumi ndi chimodzi zikwane m'menemu?

Naini koloko ndayamba kukopera. Kamzere kobiriwira kakukwawa. Ndakhala ndikukayang'ana ngati mphika wa nyemba.

Hafu leveni magetsi thii.

Wani koloko abwera. Ndayambiranso. Mayi Asiyatu asuzumira, afunsa ngati ndikudwala. Ndati ndikudikira zithunzi zisamuke. “Zikupita kuti?” Ndaloza. Ayang'ana ka diski, ayang'ana ine. “Mumwe madzi, mayi.”

Folo koloko zatha! Ndatsegula mafoda atatu kuti nditsimikize. Esinati ali m'menemo, veyilo yake, keke yake, nkhope yake yoyang'ana pansi. Ndazula chingwe. Ndakulunga diski mu sokosi yakale, ndaiika pa shelefu yapamwamba kuseri kwa mafelemu. Akuba abwere, aone ngati intaneti yawo imakwera shelefu.

Bambo a Tadala akuti kadi ya kamera yadzaza, ndipo kwaya ina ili panja ikufuna kujambulidwa. Kadi tili nayo imodzi, chiyambire. Mmene timachitira n'chomwechi: tikakopera, timafufuta. Afunsa ngati angafufute ukwati wa ku Thuchila.

“Fufutani,” ndatero ine, ndi pakamwa pangapa. “Uli malo awiri.”

Kwayayo inali ya anthu makumi anayi ndi awiri. Chithunzi cha gulu chitatha, aliyense wafuna chakechake, ena ziwiri.

Ndadzigulira tchipisi ndi mwendo wa nkhuku. Chitetezo chimatopetsa, koma chimakoma.

Lachinayi

M'mawa ndapita kusukulu ya Tadala, kuli msonkhano wa makolo. Nkhani ya mpanda. Maola anayi.

Thu koloko ndafika pa situdiyo. Bambo a Tadala akusesa khonde. Chikwatirane sindinawaonepo akusesa khonde.

M'kati: sikirini yofiira piriwiri. Chingerezi chambiri, ndi wotchi yowerengera chobwerera m'mbuyo. Mafayilo onse asintha mayina. Ndipo pa tebulo, pafupi ndi kompyuta, pali diski yanga, yovula sokosi, chingwe chili cholumikiza, kagetsi kake kakuphethira mosangalala.

Ndakhala pansi. Osati pa mpando. Pansi.

Malongosoledwe a bambo a Tadala, monga mwa dongosolo lawo:

Choyamba, amafuna felemu pa shelefu, apeza diski ili zii, yozizira, yopanda moto. “Chinthu chatsopano chimafunika kutchaja tsiku lonse, ngati foni. Ndimati ndikuthandizeni.”

Chachiwiri, kwabwera imelo ya mzungu. Akuti akubwera kudzakwera ku Chambe, akufuna wojambula masiku atatu, zambiri zili mu fayilo. Zaka zonsezi bambo a Tadala akhala akuonerera alendo akudutsa ndi zikwama zawo, akudzijambula okha ndi mafoni. Lero mmodzi wawalembera.

Ndaloza lamulo lachitatu.

“Mwalemba kuti munthu wosamudziwa,” akutero. “Mlendo wobwera kudzakwera phiri si munthu wosamudziwa. Ndi kasitomala.”

Chachitatu, loko ali bwinobwino. Amuyang'ana kawiri.

Ndaimbira Gifiti. Akuti zula intaneti msanga, ndazula. Akuti diski ikakhala yolumikiza, nayonso imatsekedwa limodzi. Ndaona kale. Akuti musalipire: ena amalipira, kiyi osabwera, ena amapatsidwa kiyi kenako n'kubwereredwanso. Wafunsa za kadi ya kamera, akuti nthawi zina zofufuta zimabwezeka ngati simunajambulepo zina pamwamba.

Ndamuuza za kwaya.

Gifiti wati ndiye basi, kwaya yakhala pamwamba pa ukwati.

Ukwati wa Esinati: kompyuta ayi, diski ayi, kadi ayi. Alubamu ndi mkuja.

Madzulo ndawapeza bambo a Tadala akulemba pa foni. Akulembera akuba! Adiresi anasiya pa sikirini. Ayamba ndi moni, afunsa mmene aswerera kumeneko. Kenako: “Achimwene, tichotsereniko, ndife anthu a ku Mulanje.” Ayankhidwa pasanathe mphindi zisanu, mwaulemu ndithu. Palibe ofesi imene inatiyankhapo msanga chonchi. Achotserako pang'ono. Zotsalazo n'zofuna kugulitsa kamera, kompyuta, ndi shopu ya Mayi Asiyatu yomwe.

“Ndikanapitiriza akanatsitsa,” akutero. Ndawalanda foni.

Lachisanu

Nzeru ya m'mamawa: pa ukwati paja aliyense anali ndi foni m'mwamba. Ndatumiza uthenga kwa amene ndikuwadziwa, osanena chifukwa. Pofika leveni koloko zabwera zambiri. Zimene ndalandira:

mapazi a anthu akuvina,
denga la holo,
mbale ya mpunga, mbali zinayi,
mtsikana wina wadzijambula yekha kakhumi ndi kawiri, kumbuyo kwake kukuoneka chigongono cha mkwati,
Esinati, kamodzi, ali kutali ngati njiwa pa denga,
a Mulipa akulankhula. Zambiri. Zonse zooneka bwino.

Alubamu ya chigongono sitingapereke.

Palibe kuchitira mwina, tikanene. Bambo a Tadala ayamba kumva mutu. Ndati mutuwo ukwera nawo minibasi. Avala shati yoyera. Agula shuga mapaketi awiri, akuti munthu supita kukaulula manja ali lende.

Ku Thuchila tawapeza Mayi Namacha pa khonde akusankha nandolo. Moni, mipando, madzi. Bambo a Tadala ayamba ndi nkhani ya chiperoni, apita ku mitengo ya feteleza. Ndaona kuti tigona konkuno. Ndanena ine, mwachidule: akuba a pa intaneti, zithunzi zatsekedwa, alubamu palibe.

Nandolo wasiya kugwa m'lichero.

“Zonse?”

Zonse, mayi.

“Ndi zija ndaima ine kutsogolo kwa tchalitchi?”

Ndi zomwezo, mayi.

“Palibe amene adzazionenso?”

Palibe.

Adzuka, alowa m'nyumba. Bambo a Tadala andinong'oneza kuti akatuluka ndi munsi, ine ndithawire kumanzere, iwo kumanja.

Atuluka ndi diresi pa hang'ala. Yagolide, mapewa otukuka, duku lake lalikulu ngati dengu. Akuti imeneyi ndiyo inali ya ukwati. Telala wawo anawagwiritsa fuwa la moto, waimaliza dzana. Tsiku la ukwati anavala yobiriwira yakale, imene Thuchila yense anaiona kale pa maukwati atatu ndi pa maliro amodzi. Pamene apongozi akuchimuna anabwera ndi yatsopano. Sabata yonseyi sakugona, akuganiza za alubamu imene idzakhale pa tebulo ku Mzuzu mpaka zidzukulu.

“Mawa naini koloko tibwereza ukwati, mujambulenso. Aliyense avale mmene anavalira. Kupatula ine.”

Shuga alandira.

Mu minibasi pobwerera bambo a Tadala akuti, “Mwaona? Ndikanapanda kutchaja…” Ndawayang'ana. Sanamalize.

Loweruka

Dzuwa! Phiri lonse lili poyera, mwala uliwonse. Sabata yatha pa ukwati weniweni linabisala tsiku lonse.

Zovuta za m'mawa:

Diresi ya mkwatibwi inali yobwereka, ndipo lero ili ndi mkwatibwi wina thu koloko. Mwini wake wabwera nayo yekha, wakhala pansi pa mtengo, akuyang'ana wotchi.

Keke inadyedwa. Amayi avundikira mabeseni awiri, waukulu pansi, waung'ono pamwamba, aphimba ndi nsalu yoyera, aika maluwa. Pamwamba penipeni ka keke kenikeni kogula pa golosale. Mpeni usatsike kwambiri.

Woperekeza mkwati anabwerera kuntchito ku Nsanje. Wamuimira mng'ono wake, suti yomweyo, manja aatali. Tamuuza aziyang'ana cham'mbali.

Abusa ali ndi ukwati weniweni leveni koloko. Atipatsa mphindi khumi. “Sindikudalitsanso ayi, ndikungoima.” Aima. Kenako akweza dzanja, akuti dzanja lazolowera.

Ndimayembekeza anthu makumi awiri. Kwabwera mudzi. Amene sanaitanidwe sabata yatha amva kuti lero palibe makadi. Abale a ku Milanje, amene lole yawo inafera panjira tsiku la ukwati, awoloka malire m'mamawa, atsika akuimba. Agogo ena aamuna akulira, akuti ankaganiza kuti ukwati wa mdzukulu wawo wawadutsa.

Ndiye Mayi Namacha atuluka. Golide! Nthungululu mpaka kumsika. Akuyenda pang'onopang'ono kuti aliyense akhute. Apongozi akuchimuna, mu diresi yawo ya sabata yatha, akuwomba m'manja ndi nsonga za zala.

Ine ntchito yanga ndi kukumbutsa anthu pamene anaima. Palibe amene akuvomera kuti anali kumbuyo.

A Mulipa tawauza angogwira maikolofoni, atsegule pakamwa, tijambule. Alankhula mawu onse a sabata yatha, kuyambira moni mpaka malangizo, awonjezera ndi zimene anaiwala.

Perekaniperekani tinati ya chithunzi chabe: ponyani, tijambule, mutole zanu. Wina wabweretsa sipika. Nyimbo itangolira, zatha. Anthu akuvina, akuponya zenizeni, a ku Milanje akuponya ndalama za kwawo. Wotola zake palibe. Ungawerame bwanji kutola pamaso pa apongozi?

Koma Esinati! Sabata yatha anali atalangizidwa: mkwatibwi saseka, sayang'ana anthu, maso pansi. Zithunzi zonse anali ngati akudikira jakisoni. Lero ndi mayi wapabanja wa sabata yathunthu, palibe womulangiza. Mwamuna wake wagwira mpeni, watsitsa kwambiri, beseni lalira ngwee! Esinati waseka mpaka kugwira m'mimba, veyilo yapendekeka, phiri lili kumbuyo kwake. Bambo a Tadala ajambula pomwepo. Ndanena zambiri za bambo amenewa sabata ino, ndipo sindikubweza ngakhale chimodzi. Koma chala chawo chimadziwa nthawi.

Hafu thwelofu mwini diresi waimirira. Esinati wavula, diresi yakwera njinga yamoto, yapita kukakwatiwa kwina.

Kadi ya kamera ndaichotsa ndekha, ndaimanga pa mfundo ya chitenje. Gifiti wafika pa Boma ndi laputopu yake. Tasindikiza masana onse, chitseko chotseka, intaneti kutali, bambo a Tadala panja. Sikisi koloko alubamu ili m'manja mwa Mayi Namacha. Atsegula tsamba ndi tsamba, akunyowetsa chala. Afika pa golide, akhalapo.

“Mwana wa mchemwali wanga akukwatiwa mwezi wa mawa,” atero, maso ali pa tsamba. “Mudzabwere. Koma kamodzi.”

Lamulungu

Miyendo ikuwawa. Mawu asasa.

Esinati ndi mwamuna wake anyamuka m'mawa, alubamu ili pamiyendo, akana kuiika m'chikwama.

Kompyuta ikadali yofiira. Gifiti wainyamula, akaifufuta yonse, tiyambe ngati atsopano. Akuti diski ndiisunge, mwina tsiku lina kudzapezeka kiyi. Mwina. Zaka khumi ndi chimodzi zili m'kati mwa ka sopo. Muli Tadala akukwawa. Muli amayi anga atakhala pa mpando wa mu situdiyo, chaka chomaliza chija, akukana kumwetulira. Zimenezo palibe wovalanso. Ndalira pang'ono potsuka mbale, basi.

Ndimaganiza kuti nkhani ikamveka, anthu atithawa. Ndimawadziwa anthu a kuno, koma sindinawamalize.

Potuluka m'tchalitchi ndapeza akundidikira. Mabanja atatu. Amva kuti zithunzi zonse zakale zinatsekedwa, ndipo amva zimene zachitika ku Thuchila. Sakufunsa za zithunzi zawo. Akufunsa kuti tsiku lawo lobwereza ndi liti.

Oyamba akuti pa ukwati wawo kunagwa mvula, ndiye ayenera kukhala patsogolo.

Achiwiri ndi bambo okha. Anditengera pambali, atsitsa mawu: kodi zingatheke kubwereza ndi mayi amene ali nawo panopa?

Achitatu tinawajambula zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Suti sikukwananso, koma akuti akaima chopuma pang'ono mabatani atsekeka. Vuto ndi ana. Alipo asanu tsopano. Mayiyo akufunsa, “Tiwabise kuseri kwa tchalitchi, kapena aimepo?”

Ndayang'ana bambo a Tadala kuti andithandize kukana. Atulutsa kale cholembera, akufunsa masiku.

Ndati ana aimepo.